Mukusefa Revúbuè ndi neti ya udzudzu, mawa mudya chiyani?

Ana anga a ku Angónia, Tsangano mpaka ku Moatize, tcherani khutu ndilankhule ine wa imvi.

Sabata yatha ndinatsikira ku Revúbuè ndipo ndinapeza anyamata anayi akukoka neti ya udzudzu, yomwe mayi awo analandira kuchipatala kuti azigonamo ndi khanda. Zomwe anakhuthulira pamchenga sizinali nsomba ayi. Tiana ta pende tosakwana chala, tinkhanu, mbululu, ndi mazira omwe. Theka anazisiya pompo, ntchentche zikuchita phwando. Nditawafunsa akuti, "Agogo, ndiwo zavuta." Zilekerenji kuvuta pamene mukudya mbewu?

M'madzi muja muli kudyerana, ndipo kumayambira pa zinthu zomwe mumaziona ngati litsiro. Ndere zimamera dzuwa likamafika pansi pa madzi. Tizilombo tosaoneka bwino ndi maso timadya nderezo, matemba ndi kapenta nkumadya tizilomboto. Mcheni imasaka kapenta, ng'ona ndi nkhwazi zimatenga gawo lawo, ife nkubwera kumapeto ndi mbale m'manja. Ngakhale mvuu yomwe mumaitukwana ikadya chimanga chanu, ndowe zake ndi manyowa a mtsinje.

Tsono inu olima mpaka khasu kugunda madzi, mwadula bango lonse ndi mikuyu ya m'gombe kuti mupeze dimba la tomato. Bangolo ndiye chikuta cha nsomba, tiana timabisala m'menemo kuthawa mlamba. Mvula ikagwa dothi lonse limakokolokera mumtsinje, madzi nkufiira ngati thobwa. Dzuwa lidutsa bwanji m'thobwa? Ndere zimafa, mazira amakwiririka m'matope, ndipo chilimwe chikafika madzi otsala m'maiwe osaya amatentha, nsomba nkumabanika. Munaona nokha mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula mlatho pa Revúbuè, mtundu wa madzi omwe ankatsika. Linali dothi la minda yathu lija likupita.

Za othira katupe ndi mankhwala a thonje m'maiwe sindichulutsa, amenewo ndi afiti basi. Koma inu osefa golide ndi mercury kumapiri uko, mvetsetsani. Poizoni ameneyo sawola. Amalowa mwa tizilombo, kuchoka apo m'matemba, ndipo akamakwera amaunjikana, moti nsomba yaikulu ija mumanyadira kupatsa mkazi wanu woyembekezera ndiyo imakhala nayo yambiri.

Wokayika kuti madzi akasintha ndiwo nazo zimasintha akayang'ane Cahora Bassa. Damu lisanatsekedwe ku Songo mu 1974, makolo athu sankadziwa kapenta. Kapentayu kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anamubweretsa ku damu la Kariba cha m'ma 1967, ndipo anatsika yekha ndi Zambezi. Atapeza madzi odikha, akuya, odzaza tizilombo, anaswana, lero asodzi amamukopa ndi nyali usiku ndipo akugulitsidwa m'misika yonse. Tinapindula, sindikana. Koma khoma lomwelo limagwira matope achonde ndi madzi osefukira omwe kale ankatsika chaka ndi chaka mpaka ku Chinde. Kumeneko tiana ta kamarau timakulira m'mizu ya mitengo yomera m'madzi amchere, tisanalowe m'nyanja yaikulu ku Sofala. Kusefukira kutachepa, asodzi a kunyanja anaona kamarau akuchepa m'maukonde awo. Ngati khoma la ku Songo limamveka mpaka kunyanja ya mchere, mukuganiza kuti neti yanu siimveka pa dziwe la m'mudzi mwanu?

Loweruka ndikupita kwa amfumu kukapempha kuti miyezi ya mvula, pamene nsomba zikuswa, munthu asaponye chilichonse m'maiwe athu, komanso kuti bango libwerere m'gombe. Neti ija ndinalanda, ili kwathu pakhonde. Mwini wake abwere adzatenge, koma abwere ndi mayi ake.