Wodwala khansa si maliro, musiyeni aseke

Ndapsa mtima, ndipo lero sindibisa mawu.

Lamulungu lapitali tidatenga achemwali anga aakulu kukapitidwa mphepo kumunsi kwa phiri la Domwe. Tidalipo ine, alamu, amayi ndi ana. Phirilo sitidakwere ayi. Tidangoyala mphasa pamthunzi, kuotcha chimanga chachiwisi ndi nyama ya mbuzi imene tidagula pamsika, ana nkumathamangitsana m'maudzu. Mwana wawo wamkazi adawajambula akuseka mpaka duku kupendekeka, chimanga chili m'manja, nkuika chithunzicho pa status ya WhatsApp. Basi. Mlandu wonse ndi umenewo.

Lolemba dzuwa lisanakwere nkhani idali itafika kale pagulu la WhatsApp la amayi a kwaya, ndipo wina adanditumizira kuti ndidzionere ndekha. Mayi woyamba akuti, "Kodi si aja tidawasonkhera ndalama ati ali ndi khansa? Wodwala amaseka chonchi?" Wachiwiri akuti, "Mwina adachira osatiuza." Wachitatu, amene amadziyesa wachifundo kuposa onse, akuti ife abale ndife ankhanza, tikuyendetsa munthu wodwala pamphepo m'malo momugoneka m'nyumba.

Amayi inu, tandiuzeni. Metikali 200 imene mudaponya pa M-Pesa ija mudagula nayo chiyani? Mudagula mano a achemwali anga kuti asamaoneke? Mudalipira kuti azilira tsiku lililonse mpaka inu mukhutire? Ngati ndi choncho nenani poyera, nambala yanu ndili nayo, ndikubwezerani lero lomwe ndi ya chindapusa pamwamba. Ndalama zanu zidagwira ntchito imene tidakuuzani. Zidakweza munthu chapa, minibasi yathu ija, kuchoka pa Ulongwe kutsikira ku Tete, mtunda woposa makilomita 200, kenako basi yodutsa Changara, Guro, Catandica, Chimoio mpaka kuchipatala ku Beira, ali ndi bala pachifuwa, atapanikizika pakati pa matumba ndi zikwama za anthu. Tidathokoza nthawi imene ija, ndipo tikuthokozabe. Koma kuthokoza si ukapolo.

Munthu wodwala khansa si maliro. Ndibwerezenso kuti a kumbuyo amve. Si maliro. Akupuma mpweya womwewu, akumva njala, akumva nthabwala, amafuna kuona phiri, amafuna kuona ana ake akugwa m'maudzu ndi kudzukanso. Adokotala adachotsa bere lakumanzere, sadachotse mtima wa munthu. Sadawalembere pakhadi lachipatala kuti kuyambira lero kuseka nkoletsedwa. Inuyo mukufuna kuwaika m'manda akadayenda, mukufuna tiyambe kukhuza mwini wake ali pakhonde akusenda kachewere.

Chithunzi chimodzi mwachiona ndipo mwaweruza mlandu. Nanga masiku amene sitijambula? Masiku otsatira mankhwala a m'dripu aja, amene kuchipatala amati quimioterapia, mudabwera kudzaona? Mudagwirako beseni pamene akusanza mpaka ndulu? Mudaona zilonda za m'kamwa zokanikitsa ngakhale phala? Mudalipo m'mawa umene adadzuka nkupeza tsitsi latsala pa pilo, nkukhala chete osalankhula ndi munthu mpaka madzulo? Nsima imene inu mumadya mukunyambita zala, kwa iwo masiku amenewo m'kamwa mumangomveka chitsulo. Zimenezo palibe amaika pa status. Ndiye likapezeka tsiku limodzi limene thupi lawamasula, chimanga chakoma, mphepo ya ku Domwe yawakhudza kumaso, inu mukuti abise? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwini thupi ndiye amadziwa tsiku logona ndi tsiku lodzuka, osati inu muli pafoni kwanu uko.

Tsopano ndibwere kwa inu a chifundo chabodza, amene mukuti tikadawagoneka. Mukufuna tiwatsekere m'chipinda chamdima ngati thumba la mbewu lodikira dzinja? Amene adawauza kuti aziyenda ndi anamwino ndi adokotala omwe akuwapatsa mankhwalawo. Kutopa kwa khansa sikutha ndi kugona tsiku lonse. Ukagona sabata yathunthu miyendo imafooka, m'mimba mumauma, usiku tulo sitibwera, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo maganizo ndi amene amakudya kuposa matendawo. Kuyenda pang'onopang'ono kumachepetsa kutopako, ndipo izi si zanga zopeka, kachipatala kalikonse kosamalira odwala khansa kadzakuuzani zomwezo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuti azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo amene adadwalapo khansa sadawachotse pamndandanda, amangoti aliyense achite monga thupi lake likulolera. Achemwali anga sathamanga, sanyamula zitsulo. M'mawa kukayamba kufunda amatenga amayi, awiriwiri, kutsetserekera kudimba ndi kubwerera. Akatopa amakhala pachitsa. Akafika kunyumba amaima moyang'ana khoma nkumakweza zala pang'onopang'ono m'mwamba, monga adawaphunzitsira atawachita opaleshoni, kuti phewa lisaume. Poyamba dzanja silinkafika ngakhale pamutu. Lero amamanga duku okha. Duku lomwe lija mudaliona litapendekeka.

Ndipo musatiyese opusa. Timadziwa kuti mankhwala aja amagwetsa asilikali a m'thupi, makamaka kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni. Masiku amenewo sapita kumsika, sakwera chapa, sakhala pakati pa anthu otsokomola, ngakhale kutchalitchi amapemphera ali kunyumba. Thupi likatentha kufika madigiri 38 sitidikira kuti kuche, timathamangira kuchipatala usiku womwewo. Dzuwa limawaotcha khungu msanga, nchifukwa chake amayenda ndi ambulera. Nyama ija tidaotcha tokha mpaka kupsa bwinobwino, madzi akumwa tidanyamula owiritsa. Tsiku la ulendo tidalisankha titawerenga kalendala ya mankhwala, ndipo eni ake ndi amene adati, "Lero ndikumva bwino, tiyeni." Inu amene simudziwa ngakhale dzina la mankhwala amodzi amene akumwa, ndinu mutiphunzitse kusamala m'bale wathu?

Choseketsa nchakuti pakamwa pomwepo pamatulukanso zina. Achemwali akagona masana, alamu nkutenga ndowa kupita kumjigo kapena kukhala pamoto kuvundula nsima, ndi inu nomwe mumati mkazi uja ndi waulesi, akudzikonda, mwamuna adamudyetsa. Akadzuka nkuyenda, ati sakudwala. Akagona, ati akunamizira. Akavala chitenje chatsopano pa 7 Epulo, tsiku la amayi, pamodzi ndi amayi anzawo a dziko lino, ati ndalama za mankhwala akugulira nsalu. Akavala chakale, ati abale amutaya. Tsono achite chiyani kuti mukondwe? Afe? Nenani, chifukwa zikuoneka kuti chokhacho ndicho chingakutsimikizireni kuti adadwaladi.

Kupuma nakonso nkwawo. Mkazi ameneyu wakhala akulima kachewere ndi chimanga chiyambire utsikana wake, kusenza matumba kupita nawo kumsewu, kubereka ana ndi kulera ana a eni. Lero akayala mphasa pansi pa mtengo wa pichesi nkugona masana dzuwa likuswa mtengo, palibe ngongole imene ali nayo kwa munthu. Agone. Akadzuka amwe thobwa lake, amvere wailesi, aseke ndi adzukulu a anansi. Sayenera kupempha chilolezo kwa kwaya.

Kaya ndi mantha, kaya ndi umbuli, kaya ndi kaduka chabe, zimenezo mudziwa nokha.

Chimene chikundiwawa kwambiri nchakuti pakamwa panupo mukupha anthu ena osadziwa. Mtsikana amene wamva kachotupa m'bere, mayi amene akutaya magazi osadziwika bwino, akamva mmene mumanenera achemwali anga amangoti bola ndikhale chete. Amaona kuti ukangotchulidwa dzina la khansa, moyo wako watha pomwepo, anthu ayamba kukuwerengera masiku ndi kukulondalonda. Ndiye amabisa, amamanga chitenje mothina, mpaka tsiku lomunyamula pa njinga zinthu zitaonongeka kale. Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene ikugwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse muno mu Mozambique, pomwe kuyezetsa kwake kumachitika m'zipatala zazing'ono zomwezi ndipo sikutenga nthawi. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, adayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mu 2021. Koma ndani angapite kukayezetsa ngati mphoto yake ndi kusandutsidwa maliro oyenda? Mayi wa bere limodzi akuseka pansi pa Domwe ndi ulaliki woposa zikwangwani zonse za Okutobala, mwezi wodziwitsa anthu za khansa ya m'mawere. Inu mwautenga ulalikiwo nkuusandutsa miseche.

Ndipo pali ena mwa inu amene mukabwera kwathu mumakana kumwera kapu imene amwera iwo. Timakuonani. Khansa sipatsirana, amayi. Simungaitenge pa kapu, pa mphasa, kapena pogwirana chanza. Miseche ndi imene imapatsirana, ndipo gulu lanu lija ladwala lonse.

Ana awo aja ali ndi maso. Amva kale zambiri zimene mwana sayenera kumva, aona mayi awo akunyamulidwa kupita kubafa. Kodi nkulakwa kuti akhalenso ndi tsiku limene adaona mayi awo akulimbirana chimanga ndi amalume awo? Inu mukufuna ana amenewa azikumbukira fungo la mankhwala lokha ndi chitseko chotseka? Mtsikana amene adajambula chithunzicho adachichotsa Lolemba masana akulira, ati wawachititsa manyazi amayi ake. Mwana wa zaka zosakwana 15 kumupangitsa kudziona wolakwa chifukwa chonyadira kuti mayi ake aseka. Mukagona usiku mumapeza tulo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Thupi limeneli palibe adalembetsa kuti lake silidzagwidwa.

Tsono konzekani, chifukwa zithunzi zina zikubwera. Achemwali akuti chibadwire sadaonepo damu la Cahora Bassa, amangomva kuti magetsi ake amafika mpaka ku South Africa. Damu lidamangidwa kale m'ma 1970, lidabwerera m'manja mwa dziko lino mu 2007, lili m'chigawo chathu chomwe chino, koma munthu wobadwira ku Angónia amakalamba osaliona. Adokotala akalola, mwezi wa Juni kapena Julayi kukazizira tikupita ku Songo, tauni ya pafupi ndi damulo. Sitingayerekeze mu Okutobala kapena Novembala pamene mzinda wa Tete umapyola madigiri 40, tili ndi nzeru. Tikaima pamlatho wa Samora Machel aone Zambezi osati kudzera pawindo la basi ya odwala, tikadya mphende yootcha, tikagula kapenta ndi malambe a ana. Akatopa panjira tiima, agone m'galimoto, tidikire. Akati tibwerere, tibwerera. Ndipo chithunzi chilichonse ndidzaika ine mwini, pa Facebook pomwe pano, dzina langa lili pamwamba, kuti wofuna kulankhula adzalankhule ndi ine osati ndi mwana.

Mwinanso kutsogoloku adzafunika makina ootcha khansa aja, amene adayamba kugwira ntchito ku Maputo mu 2019. Kuchoka ku Tete kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 1,500, ndipo munthu amakakhalako masabata angapo kutali ndi ana ake. Ndiye masiku ochepa amene ali pakhomo, ali ndi mphamvu, inu mukuti awathere m'bulangete kuti asakukhumudwitseni?

Poti ndayamba kale, ndimalize ndi inu obwera kudzazonda. Mumalowa pakhomo nkhope zili zakugwa, kulankhula monong'ona, kuusa moyo musanakhale nkomwe pansi. Munthu anali bwinobwino akusankha nyemba, inu mwafika ndi nkhani ya msuweni wanu wa ku Tsangano amene adadwala "zomwezi" ndipo sadathe miyezi itatu. Ndani wakufunsani? Wina amabwera ndi kabotolo ka ufa wa mizu, ati wachokera kwa sing'anga wa ku Furancungo, mtengo wake wokwana thumba la feteleza. Wina madzi a mneneri. Wina akuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa ndi amene akuwathothola tsitsi, azingomwa madzi a mandimu ndi masamba. Mukudziwa kuti amene amamvera zimenezo ndi amene timakawaika? Ndipo mukatha kuwaopseza simunyamuka. Mumakhala mpaka nkhuku iphedwe, nsima ipse, mudye, musambe m'manja, mupemphenso kachewere wa ana kunyumba ndi ndalama ya njinga yamoto. Wodwala yemwe uja ndiye adzuke kukuperekezani mpaka kumsewu, ndipo apo simunena kuti akuyenda pamphepo. Mbale zanu mumazisiya pomwepo pakhonde, ntchentche zili ng'waa, palibe ngakhale mmodzi amene adafunsapo kuti mtsuko uli kuti akatunge madzi.