Zulani Zingwezo M'makutu, Ana Inu!

Loweruka lapitali pa Nchalo, dzuwa lili paliwombo, mnyamata wina anatsala pang'ono kutiitanira maliro. Anali pa njinga yakapalasa atamangirira matumba awiri a makala kumbuyo, mahedifoni ali m'makutu, mutu ukungogwedezeka. Kumbuyo kwake kunkabwera chilole chodzaza nzimbe. Dalaivala anaimba hutala mpaka amayi ogulitsa milamba youma anadzambatuka pa malonda awo, tonse tinakuwa, koma iye ayi ndithu, akungokhotera kumanja osacheuka n'komwe. Mabuleki analira, fumbi koboo, nzimbe zina n'kukhuthukira pamsewu. Bampala inaima pafupi ndi thumba la makala moti dzanja silikanalowa pakati. Ndiye mukudziwa zomwe anachita mwanayo? Anazula chingwe khutu limodzi lokha n'kufunsa kuti, "Bwanji madala?" Dalaivala uja, bambo wa imvi zake, anatsika miyendo ikunjenjemera, n'kukakhala pansi m'mphepete mwa msewu osatha kutulutsa liwu.

Kodi mwalodzedwa, ana inu? Nyimbo yake ndi iti yomwe singadikire kuti mukafike kunyumba?

Inu a kabaza a njinga zamoto ndiye mwanyanya. Chipewa chodzitetezera mulibe, koma mahedifoni sasowa, ndipo ena mwamangirira ndi kasipika pa handulo kuti mudzi wonse udziwe kuti mwadutsa. Mwanyamula mayi ndi khanda kumsana, akukukodolani kuti atsika pa chigayo, inu mukungopita mpaka pa Dyeratu. Mukutsetsereka mapiri a ku Thabwa, pamakhotakhota paja pomwe malole amataya mabuleki, makutu otseka. Lole yopanda mabuleki imangodalira hutala, nanga inu muimva ndi chiyani? Pa mlatho wa Kamuzu mukupikisana ndi minibasi mukuimba nawo kolasi. Moyo wa mayi amene mwanyamulayo munagula ndi K1,000 yakeyo kodi?

Koma zomwe zimandiwawa kwambiri ndi za kumadzi. Ife tinakula tikudziwa kuti ku Shire umapita ndi maso ndi makutu omwe. Ng'ona siimba hutala. Chomwe chimapulumutsa munthu padooko ndi mnzake amene waona madzi akuchita mzere n'kukuwa kuti thawa. Lero mupeza mtsikana wawerama akutsuka mbale madzi ali m'mawondo, foni wapanira m'chitenje, zingwe zili lendee kuchokera m'makutu, msana walozetsa kumtsinje. Akuwe ndani kuti amve? Mvuu imachenjeza ndi kulira kwake isanatulukire m'bango, msodzi wanzeru n'kubweza bwato. Msodzi wa masiku ano akuponya ukonde m'dambo usiku, nyimbo zili m'mutu, ati kuchotsa tulo. Pa Mtayamoyo, pomwe madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997, anthu a ku Makhanga akhala akuoloka pa mabwato zaka zonsezi, ndipo lamulo la pabwato ndi limodzi: wopalasa akati khalani pansi, mukhale pansi. Ndiye wina aimirira pakati pa madzi kuti adzijambule kakanema ka TikTok, sakumva kuti akumukalipira, bwato n'kupendekeka ndi anthu khumi. Akagwa, tidzati ndi ng'ona yotumidwa ndi mfiti? Tidzayamba kuloza agogo osalakwa m'mudzi?

Abusa a ng'ombe nawonso. Ng'ombe zili m'dimba la mwini zikudya chimanga, mwini dimba wasasa mawu, m'busa ali tsonga pa chulu akusankha nyimbo. Mlandu kwa amfumu, bambo ake alipire mbuzi.

Tsono mvula ili pafupi, ndipo apa ndiye mundimvetsetse. Chigwa cha Shire chino madzi ake sachokera pamwamba pathu pokha ayi. Kuno kutha kukhala nyenyezi zili mbee, koma kukagwa mvula ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Mwanza, mitsinje ya Ruo, Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya imatipeza tili m'tulo. Mwaiwala Januwale wa 2015, pomwe Ruo anasiya njira yake n'kulowa m'midzi, anthu n'kugona m'mitengo? Mwaiwala namondwe Idai mu 2019? Namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023? Simunali makanda inu, munaona mitembo ndi maso anu. N'chifukwa chake m'midzi muli makomiti oona za ngozi, anthu ongodzipereka, amene amalandira foni kuchokera kumtunda kuti madzi akwera, iwo n'kuyenda usiku ndi wenzulo, ng'oma ndi chimkuzamawu kudzutsa anthu. Ndiye inu mwagona ndi mahedifoni, nyimbo zikudzibwereza mpaka mbandakucha. Munthu achoke pakhomo pake, asiye ana ake, azigogoda chitseko chanu madzi akumufika m'chiuno chifukwa inu mukumvera amapiano? Mukufuna mudzamve nkhwangwa ili m'mutu?

Ndipo usiku umenewo foni imakhala yathima, moto wonse wathera nyimbo. Namondwe Ana ataononga damu lopangira magetsi la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima masiku. Tinaona anthu akuzungulira kufuna potchajira kuti angouza abale awo kuti ali moyo. Foni yomwe ikanakhala tochi, ikanaitana bwato, ikanalandira ndalama ya chithandizo, ili ziii ngati mwala.

Chomvetsa chisoni n'choti chida chomwe mukudzigonthetsa nachocho n'chomwe chikanakutumikirani. Mafoni ambiri, ngakhale timabatani tija, ali ndi wailesi ya FM yosafuna bandulo, ndipo chingwe cha mahedifonicho ndiye eriyo yake. Ndani wa inu anatsegulapo kuti amve za nyengo? Nthambi ya boma yoona zanyengo imaika machenjezo pa tsamba lake la Facebook, namondwe asanafike imanena. Munalitsegulapo? Pa intaneti pali mapu oonetsa komwe mitambo ya mvula ikulowera kuchokera ku Mozambique, aulere. Pa WhatsApp pali magulu a m'dera omwe amauzana kuti msewu wa M1 waduka pa Bereu kapena pa Sekeni. Inu munatulukamo, ati amatumiza zotopetsa. Bandulo ya sabata yathera kutsitsa nyimbo pa masamba osadziwika mwini wake, aja amangotsegula zithunzi zolaula ndi mauthenga oti mwapambana mphoto. Mudina chilichonse. Mupereka foni yosakhoma kwa mnyamata wa pa kabenchi kuti akuikireni nyimbo mu memori kadi, inu n'kupita kukadya kanyenya, m'fonimo muli ndalama ya thonje ya bambo anu. Ikasowa mudzalira kuti ndani?

Foni yeniyeniyo imakuchenjezani mukakweza mawu mopitirira, imalemba kuti makutu aonongeka, inu mumangodina kuti ipitirize. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kale kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kotereka. Khutu likafa lafa, kulibe jekeseni yake. Ine wa zaka zangazi ndimamva nkhuku ikalira kutsidya, inu wa zaka 20 mukuti "mwati bwanji?" kawiri katatu.

Musaganize kuti ndimadana ndi nyimbo. Kuchigwa kuno munthu wodana ndi nyimbo angakhale kuti? Ulimba ukamalira ku Nsanje, zikupa zikunjenjemera pansi pa mitengo ya ulimbawo, ngakhale nkhalamba ya ndodo imadzuka. Utse, njole, likhuba, tinavina mpaka fumbi kutseka mwezi. Nyimbo za Amang'anja zinakoka ngakhale Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, amene anadzazijambula m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero zikusungidwa ku South Africa. Mukanakhala ofufuza zinthu zaphindu pa YouTube bwenzi mutapeza ulimba wa kwanu n'kudabwa. Koma nyimbo zimenezo tinkamvera pabwalo, ntchito itatha, makutu ali otsegula, moti mwana akalira kuseri kwa nyumba mayi ake ankamva. Palibe amene ankapita ndi ng'oma kukatunga madzi padooko.

Nanunso makolo musabisale. Mwana wanu mukumuitana katatu osayankha, inu mukungoseka kuti ndi za masiku ano. Munamugulira ndinu foniyo mutagulitsa chitowe. Mukumuona akukwera njinga zingwe zili m'makutu, pakamwa panu pali tseke. Mukuopa mwana wobereka nokha? Inu apampando a masiteji a kabaza, mumadziwa kutolera ndalama ya siteji tsiku ndi tsiku, koma kulanda mahedifoni kwa mnyamata wonyamula anthu kwakukanikani? Eni mabwato, bwanji osamutsitsa wosamvayo bwato lisananyamuke?

Tatopa kusonkha ufa ndi nkhuni za maliro opanda pake. Pamsewu, padooko, pabwato ndi pogona nyengo ya mvula ino, zulani zingwezo. Ndikakupezani nazo ndidzazula ndekha, kaya ndinu mwana wa yani.