Wagwidwa kachitatu akuyendetsa galimoto ataledzera, ndiye timulande chiyani?

Yankho langa ndi lakuti timulande mowa. Ndikudziwa kuti ena muyamba kale kulemba kuti "angomangidwa basi", koma tandimvani kaye.

Sindikunena za munthu amene wagwidwa kamodzi akuchokera ku ukwati, n'kuchita manyazi, n'kulipira chindapusa, osadzabwerezanso. Ameneyo lamulo lamuphunzitsa kale. Ndikunena za uja wagwidwa kachiwiri, kachitatu, layisensi anamulanda kalekale koma akuyendetsabe. Wotereyu kumulanda layisensi n'kutaya nthawi, chifukwa galimoto sifunsa pepala kuti ilire. Kumutsekera m'ndende kumatiteteza pa miyezi yomwe ali mkatimo basi. Tsiku lotuluka, ntchito inatha, banja lili pa mavuto, ludzu lili pomwe lija, ndipo makiyi a galimoto ya mlamu wake ali pathebulo.

Ku America kuli dera lotchedwa South Dakota, la minda ndi ziweto, anthu ake sakwana 1 miliyoni. Kumeneko kunali loya wa boma, Larry Long, yemwe m'zaka za m'ma 1980 ankazenga milandu m'boma laling'ono la Bennett County. Iye anatopa ndi kuona nkhope zomwezomwezo m'khoti pa milandu ya mowa. Anapempha woweruza kuti anthu oterewa akamapatsidwa belo, azilamulidwa kusiyiratu mowa, komanso azibwera okha kawiri pa tsiku kudzauzira mpweya mu kamakina koyezera mowa. Atakhala mkulu wa zamalamulo wa dera lonselo, anayambitsa ndondomeko imeneyi mu 2005 m'maboma asanu, n'kuitcha 24/7 Sobriety. Mu 2007 aphungu a derali anaikhazikitsa m'malamulo kuti ifalikire.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Munthuyo amagona kunyumba kwake, amapita kuntchito kwake. Koma m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola pafupifupi 12, amakaonekera kwa apolisi n'kuuzira. Amalipira yekha, ndipo poyamba inali dola imodzi ulendo uliwonse. Makina akaonetsa mowa, kapena iye akajomba, amalowa m'chitokosi tsiku lomwelo, usiku umodzi kapena uwiri. Osati zaka, osati mlandu wokhala miyezi ukuimitsidwa. Amene amakhala kutali amavekedwa chibangili pamwendo chomwe chimayeza mowa m'thukuta. Inde, munthu wochenjera akhoza kumwa botolo limodzi atangoyezedwa m'mawa, pofika madzulo n'kukhala litatha m'magazi. Koma uja amamwa mpaka kuiwala dzina lake sangabise, ndipo ameneyo ndi amene amapha anthu pamsewu.

Ofufuza a bungwe lochita kafukufuku la ku America la RAND, motsogozedwa ndi Beau Kilmer, anatulutsa zotsatira mu 2013. Pakati pa 2005 ndi 2010 anthu oposa 17,000 anali atadutsa mu ndondomekoyi, moti m'maboma ena amuna oposa 10 pa 100 aliwonse a zaka 18 mpaka 40 anali atauzirapo. Pa maulendo 100 aliwonse oyezedwa, oposa 99 ankapezeka alibe mowa. Tangoganizani, anthu omwewo amene aliyense ankati sangathe tsiku osalawa. M'maboma omwe anayamba ndondomekoyi, ogwidwa kachiwiri akuyendetsa ataledzera anachepa ndi 12 peresenti. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: omangidwa chifukwa cha nkhanza za m'banja anachepanso ndi 9 peresenti. Palibe amene ankayeza zimenezo pakhomo pa munthu. Kungoti bambo amene sanamwe usikuwo sanamenyenso mkazi wake. Kunena chilungamo, pa chiwerengero cha ngozi zenizeni zapamsewu kafukufuku yemweyo sanapeze umboni wamphamvu chimodzimodzi, ndipo 12 peresenti si zozizwitsa ayi. Koma ndi mabanja angati amenewo?

Chifukwa chake zimatheka, mmene ndikuonera ine, n'chakuti chidakwa sichiopa chilango chachikulu chomwe mwina chidzabwera tsiku lina. Munthu amene wayendetsa ataledzera kambirimbiri osagwidwa amadziwa mumtima kuti lero naponso apulumuka. Mukamuuza kuti "ukadzagunda munthu udzakhala zaka 10", amangoti ine sindigunda munthu, ndimayendetsa bwino ndikamwa (bodza limeneli talimva tonse). Koma mukamuuza kuti "ukamwa usiku uno, mawa 7 koloko m'mawa ukagona pasimenti", ndipo n'kuona kuti zikuchitikadi kwa anzake pamzere, maganizo amasintha. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chilango nachonso n'chimodzimodzi, chogwira ntchito ndi chomwe chili pafupi ndiponso chosalephereka, ngakhale chikhale chaching'ono.

Pali njira ina yomwe ambiri amaikonda, yoika kachipangizo m'galimoto koti injini isalire mpaka woyendetsa atauziramo. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC limati kamachepetsa kugwidwanso ndi pafupifupi 70 peresenti pa nthawi yomwe kali m'galimotomo, ndipo ku France mabasi onse a maulendo aatali akhala nako kuyambira 2015. N'kabwino ndithu, makamaka pa mabasi. Vuto n'lakuti kakachotsedwa, ambiri amabwerera ku khalidwe lakale, komanso kamayang'anira galimoto imodzi pomwe munthuyo akhoza kubwereka ina.

Abale amene muli ku UK, izi zikukukhudzani kale. Makhoti a ku Wales kuyambira 2020 ndi a ku England kuyambira 2021 amatha kulamula munthu wopalamula chifukwa cha mowa kuti asamwe mpaka masiku 120, atavala chibangili choyeza thukuta mphindi 30 zilizonse. Ndipo amene waletsedwa kuyendetsa kawiri m'zaka 10 chifukwa cha mowa sabwezeredwa layisensi mpaka dokotala atamuyeza magazi. Musamati poti nthawi yoletsedwa yatha ndiye zatha.

Tsopano mbali yomwe imandivutitsa. Lamulo la ku England lija silikakamiza chibangili pa munthu amene thupi lake linazolowereratu mowa moti silingathe popanda, ndipo pali chifukwa chake. Munthu wotereyu akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zilubwelubwe, kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ameneyo afunika achipatala kaye, osati wapolisi. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu amene amatamanda za ku South Dakota ngati kuti kamakina kokha n'kokwanira. Kuyeza kumaletsa munthu kumwa, koma sikufunsa chomwe chimamumwetsa. N'chifukwa chake madera ena a ku America ali ndi makhoti apadera a milandu yotereyi, momwe woweruza mmodzi amaonana ndi munthuyo pafupipafupi kwa chaka kapena kuposerapo, pamodzi ndi alangizi ndi achipatala. Zimadya ndalama zambiri, koma kwa chidakwa chenicheni sindikuona njira yachidule.

Palinso nkhani ya umphawi. Madola awiri pa tsiku n'ngochepa kwa wolemera, koma kwa waganyu ndi chakudya cha ana. Kukaonekera kawiri pa tsiku pomwe layisensi anakulanda, ndipo ofesi ili kutali, kukhoza kukuchotsetsa ntchito. Munthu asamagone m'chitokosi chifukwa choti wasowa ya thiransipoti. Ndipo zisakhale za moyo wonse. Miyezi yowerengeka, akaonetsa kuti wasintha, amasulidwe. Ena anena kuti mowa ndi wololedwa, boma lilibe mphamvu yoletsa munthu wamkulu kumwa m'nyumba mwake. Kwa ine ndi inu, zoona. Koma amene waonetsa katatu konse kuti akamwa amakagwira chiwongolero, ufulu umenewo wautaya yekha, ndipo mwana amene akuwoloka msewu popita kusukulu sanafunsidwe maganizo.

Nanga kwathu kuno zingatheke? Kamakina kouzira si ka mtengo woopsa, ndipo maofesi a polisi alipo m'matauni ndi m'malo ambiri ochitira malonda. Ndende zathu n'zodzaza kale, ndiye njira yosunga munthu pakhomo pake koma akuyang'aniridwa si yachilendo kwenikweni, poti makhoti amapereka kale chilango chogwira ntchito za chitukuko m'malo mwa ndende. Zomwe zingaphe ndondomekoyi ndi ziwiri. Mphamvu yake yonse ili pa kusalephereka kwa chilango, ndiye tsiku lomwe munthu adzazindikire kuti kangachepe kakhoza kusandutsa zotsatira za makina, zonse zathera pomwepo. Chachiwiri ndi kaundula. Kuti tidziwe kuti uyu ndi wobwereza, mlandu wa ku Mzuzu uyenera kuoneka pa kompyuta ya ku Limbe, apo ayi aliyense azidzanena kuti n'koyamba bwana.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayesa kaye mumzinda umodzi, ndi anthu ochepa: oyendetsa minibasi, mathiraki ndi njinga zamoto za kabaza amene agwidwa kachiwiri ali ndi mowa m'magazi. Auzire m'mawa asananyamule munthu, auzirenso madzulo, kwa miyezi itatu, makina akulemba okha nthawi ndi zotsatira kuti pasakhale zokambirana pakona. Amene mumagwira ntchito zapamsewu kapena m'makhoti, tandiuzeni pomwe zingakanike.