Kadontho kofiira sikakuuza kuti wayima apoyo ndi ndani

Anzanga a pa Mangochi pano, nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa masabata angapo, ndiye lero ndati ndiyitulutse. Masiku ano ife ageni tikakhala pansi, kaya ndi pamsika waukulu, kaya tikudikira usipa kudoko, nkhani ya mfuti sichedwa kubuka. Wina amatulutsa foni n'kutionetsa kavidiyo ka pa YouTube: munthu wagwira pisito, kunsi kwa paipi yake kuli kabokosi kotulutsa kuwala kwa laser, kadontho kofiira kakhazikika pa chandamale, akuwomba, chipolopolo n'kulowa pomwepo. Onse amagwedeza mutu n'kumati, "Yofunika ndi imeneyi, ngakhale mwana atha kulasa nayo." Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa mtendere.

Musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa mantha. Anandithyolerapo. Anabwera anayi cha m'ma 1 koloko usiku, atanyamula zikwanje ndi chitsulo chotyolera chitseko. Ine ndi mayi a kunyumba anatigoneka chafufumimba pasimenti, ana akulira kuchipinda, ndipo anatenga ndalama zonse zomwe ndinakonza kuti m'mawa ndikapikulire nsomba ku Makanjira. Mpamba wa zaka zitatu unapita usiku umodzi. Kwa miyezi yambiri, bango likagwera padenga la malata ndinkadzambatuka thukuta lili kamukamu. Choncho munthu akamati akufuna mfuti, ine ndimamumvetsa. Inenso ndinaifuna, mpaka ndinapita kupolisi kukafunsa ndondomeko yake.

Za ndondomekoyo ndinene mwachidule. Dziko lino lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, la mu 1967. Chilolezo chimachokera kupolisi, ndipo amafuna kudziwa kuti ndiwe ndani, ukuifuniranji, ndiponso ukaisunga pati. Laisensi yake imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Njira ndi yomweyo basi. Tonse tikudziwa kuti nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu, ndipo mu December 1993, asilikali atachita Operation Bwezani yolanda zida za a Payoniya (Malawi Young Pioneers), ena mwa a Payoniyawo anathawira kutsidya ndi zida zawo. Ife malire tili nawo pafupi, ku Chiponde kuja ukangodutsa wafika ku Mandimba. Ndiye munthu akakunong'onezani kuti ali ndi "katundu" wotchipa wopanda mapepala, thawani. Mfuti yotero simudziwa kuti inapha ndani dzulo, ndipo tsiku lomwe adzakupezani nayo, mlandu wa mfutiyo ndi wa magazi akewo zidzakhala pamutu panu.

Tsopano za laser. Mlamu wanga ali ndi malo ogona alendo cha kumsewu wa ku Monkey Bay, ndipo ali ndi pisito ya 9mm yachilolezo. Anagulirapo ka laser kofiira. Tsiku lina madzulo dzuwa likulowa ananditengera kuseri kwa mpanda. Anachotsa magazini, kabokosi kokhalamo zipolopolo, n'kukoka chitsulo chapamwamba kawiri, n'kundionetsa kuti m'kati mulibe kanthu. Anandiuza kuti anthu ambiri amapwetekeka pamenepa: amachotsa magazini n'kuiwala kuti chipolopolo chimodzi chimatha kutsala m'paipi. Kenako anandipatsa, nati, "Alamu, lozani pa mlambe uwo." Mlambewo unali mwina mamita 10 kuchoka pomwe tinayima. Nditayatsa, kadontho kanaoneka pakhungwa, koma sikanakhazikike. Kankavina ngati chiphaniphani, uku kakwera, uku katsika, mzere wotalika ngati chikhatho changa. Ine ndimaganiza kuti dzanja langa n'lolimba, ndimanyamula madengu a utaka tsiku ndi tsiku. Nditakoka kachitsulo kowombera ndi chala, kadontho kanadumphira kumanzere n'kuchoka pomwe ndinaloza. Panalibe wondithamangitsa, panalibe chikwanje pakhosi, kunali bata, akakowa akuuluka kunyanja.

Pamenepo ndinaona ubwino weniweni wa kachipangizo aka, ndipo sindikufuna kukanamizira. Ndi mphunzitsi wabwino. Kamakuonetsa poyera kuti dzanja lako likunjenjemera bwanji ndiponso kuti chala chako chikuikhotetsa mfuti. Kwa bambo wachikulire amene maso ayamba kuchita chifunga, amene sangathe kulunzanitsa timano tachitsulo tiwiri ta pamwamba pa mfuti kukachita mdima, kamathandiza. Munthu ukagwa pansi kapena ukabisala kuseri kwa chipupa moti sungathe kukweza mfuti kufika pamaso, kadontho kamakuuzabe komwe paipi yaloza. Pali makampani ngati Crimson Trace a ku America amene amapanga tina tomwe timayaka tokha ukangofumbata chigwiriro. Nzeru zake n'zabwino ndithu.

Koma m'mawa mwake, dzuwa la Mangochi litafika paliwombo, tinayesanso pamlambe womwe uja. Kadontho kanasowa. Tinachita kuyandikira kuti tikaone. Kuwala kwa tizipangizo togulitsidwa kwa anthu wamba n'kochepa, nthawi zambiri sikupitirira 5 milliwatts, ndiye pamchenga wathu woyerawu masana kamamira. Kobiriwira kamaoneka bwino kuposa kofiira chifukwa diso la munthu limagwira msanga mtundu wobiriwira, koma n'kodula ndipo kamamaliza batire msanga. Komanso laser imakhala kunsi kapena m'mbali mwa paipi, kutanthauza kuti mzere wa kuwala ndi njira ya chipolopolo zimakumana pamtunda umodzi wokha womwe unachuna. Mfuti ikagwa kapena tizomangira tikakhwefuka, kadontho kamakunamiza, ndipo sungadziwe pokhapokha utapita kukawombera chandamale, zomwe zimadya zipolopolo. Onjezanipo chinyezi cha kunyanja kuno chomwe chimadyetsa dzimbiri ngakhale loko wapachitseko, ndi kutentha kwa mu October. Batire limene lagona m'kabati miyezi isanu ndi itatu mudzalikhulupirira usiku umene moyo wanu uli pachiswe?

Zonsezi n'zazing'ono. Chachikulu ndi ichi chomwe chinandichitikira ine.

Patatha mwina chaka chithyolereni nyumba yanga, usiku wina magetsi atazima, cha m'ma 3 koloko, ndinamva phazi likutera m'kati mwa mpanda. Osati mphaka, munthu. Kenako mapazi akuyenda monyang'ama kulowera kukhitchini. Mtima unagunda mpaka m'makutu. Mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Abwereranso." Ndinatenga chikwanje kudzanja lamanja, tochi kumanzere, n'kusuzumira pazenera. Pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba panali chithunzithunzi cha munthu wamtali, chipewa kumutu, chinthu chachitali paphewa. M'mutu mwanga munalibe chikayiko chilichonse. Ndinaona mbava ndi chitsulo chake. Ndinayatsa tochi n'kumuwalitsa kumaso.

Anali mwana wa achemwali anga, amene ndimamusunga. Anapita kunyanja ndi asodzi anzake, injini ya boti inawavuta, anabwerera msanga, foni itatha moto. Anaona kuti kugogoda pageti nthawi imeneyo n'kudzutsa atsibweni ake, ndiye anangodumpha mpanda. Chinthu cha paphewa chija inali nkhafi. Anaphimba maso ndi dzanja nati, "Ndine, amalume, pepani."

Ndinakhala pansi pakhonde miyendo itazizira, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimamva tsemwe. Ndikanakhala ndi pisito ya laser usiku umenewo, kadontho kakanachita ntchito yake bwinobwino. Mumdima wotero ndi momwe kamawala kwambiri. Kakanakhala pachifuwa cha mwanayo, pakatikati, ndipo kakanandipatsa chilimbikitso chakuti sindiphonya. Laser siunikira nkhope. Imayankha funso lakuti chipolopolo chikagwera pati, koma funso lakuti wayima apoyo ndi ndani siliyankha n'komwe. Ndipo munthu wogwidwa ndi mantha maso ake amathamangira kukadonthoko, amasiya kuyang'ana munthuyo, manja ake, kayendedwe kake. Tochi ya mabatire awiri yogula pagolosale ndi imene inapulumutsa mwana wa achemwali anga, n'kundipulumutsanso ine.

Taganizirani momwe timakhalira kuno kwathu. Mangochi sagona. Asodzi amalowa m'madzi usiku ndi nyali zawo, amatuluka mbandakucha. Abale athu achisilamu amalawirira kumzikiti kukadali mdima, ndipo mwezi wa Ramadan anthu amadzuka pakati pa usiku kukonza daku. Anyamata ochokera ku Joni amatsika basi nthawi iliyonse, zikwama kumutu, osauza munthu kuti akubwera pofuna kudzidzimutsa amayi awo. Mlonda amazungulira kuseri kukataya madzi. Neba woledzera amasokoneza geti. Mwana wodwala m'mimba amathamangira kuchimbudzi chakunja. Mwa anthu onse amene angayende pabwalo panu usiku chaka chonse, achifwamba ndi angati, ndipo anu omwe ndi angati?

Nkhani ya Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa ku South Africa, tonse tinaitsatira. Pa 14 February 2013, ku Pretoria, anawombera kanayi pachitseko cha chimbudzi ndi pisito ya 9mm, n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankayesa ndi mbava. Kaya mumamukhulupirira kaya ayi, khoti la apilo mu 2015 linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, chifukwa anawombera munthu amene sankamuona, akudziwa kuti angafe. Kunonso woweruza sadzakufunsani kuti munalasa bwino bwanji. Adzafunsa ngati moyo wanu unalidi pangozi ndiponso ngati mphamvu yomwe munagwiritsa ntchito inali yoyenera. Ndipo chipolopolo cha 9mm chimathamanga mamita oposa 300 pa sekondi imodzi. Chitseko cha matabwa, malata, mpanda wa udzu, zonsezo chimaboola ngati pepala. Nyumba zathu ku Mpondasi kapena m'tauni muno n'zothithikana, kuseri kwa mpanda wanu kuli mphasa yomwe pagona ana a eni ake.

Palinso china chomwe amuna sitikonda kuchikamba. Mfuti ikalowa m'nyumba imakhalamo masiku onse, osati usiku wa mbava wokha. Imakhalamo tsiku lomwe mwakangana ndi akazi anu, tsiku lomwe ngongole yakufinyani mpaka mukuona ngati dziko lakutherani, tsiku lomwe mwana wa zaka 9 wapeza kiyi wa kabati. Mwana akaona kadontho kofiira kakuthamanga pakhoma amaona choseweretsa, amafuna akalozetse pa mlongo wake. Pisito zina zotchuka ngati Glock zilibe kachotsekera kapambali koti uyambe watsegula, ukakoka kachitsulo kowombera basi yalira. Amene sanakonzeke kugula bokosi lachitsulo lokhoma, lomangirira kukhoma, sanakonzeke kugula mfuti.

Sindikunena kuti aliyense asakhale nayo. Alipo anthu amene ntchito yawo ndi malo awo zimafunadi, ndipo lamulo limawalola. Amenewo ndikuwapempha kuti ndalama yoyamba ipite ku maphunziro kwa munthu wodziwa, ndi zipolopolo zophunzirira mpaka dzanja lizolowere kulasa popanda batire lililonse. Yachiwiri ipite ku bokosi lija. Yachitatu ku tochi yamphamvu, yoigwira padera, kuti muziunika munthu musanamuloze ndi paipi. Laser ibwere kumapeto ngati ndalama yatsala, ndipo muitenge ngati ndodo yothandizira munthu amene amayenda kale.

Ine nditaganiza mofatsa ndinatsata njira ina. Ndinaika magetsi a sola anayi oyaka okha munthu akadutsa, limodzi pageti, ena kumakona. Ndinalimbitsa zitseko ndi zitsulo. Ndili ndi agalu awiri. Ndalama sizigonanso m'nyumba, ndikagulitsa ndimaika mufoni kapena kubanki dzuwa lisanalowe, ndipo aliyense wondidziwa akudziwa zimenezo. M'dera lathu tinadzutsanso gulu lachitetezo cha m'mudzi mogwirizana ndi apolisi, nyumba iliyonse ili ndi wezulo, ndipo imodzi ikalira zonse zimayankha. Sindikunama kuti mantha anatheratu, usiku wina ndimadzukabe kukasuzumira pazenera.

Mlamu wanga nditamufotokozera za mwana uja anakhala chete nthawi yaitali. Sabata yotsatira ndinapeza tochi yaikulu ili pambali pa bedi lake, ndipo antchito ake onse anawauza kuti wobwera usiku aziyamba waitana dzina lake ali kunja kwa geti. Kwathu lamulo ndi lomwelo tsopano. Mwana wa achemwali uja akamachokera kunyanja amayima pamsewu n'kukuwa kuti "Amalume, ndine!" mpaka ndiyankhe, ngakhale ikhale 2 koloko usiku, ndipo ndimadzuka kukamutsegulira.