Tisamawasenzetse bodza ana ophunzira unamwino

Mwana wa achemwali anga akuphunzira unamwino kuno ku Johannesburg, chaka chachiwiri, ndipo amakhala ndi ine. Sabata yatha atafika m'mawa kuchokera ku naiti anangokhala pabedi, nsapato osavula. Tiyi amene ndinamuikira anachita kuzizira. Potsiriza anati, "Mayi aang'ono, ndawanamiza bambo aja."

Dzina lawo sananditchulire, inenso sindinafunse. Ndi bambo achikulire a kwathu ku Malawi, khansa inawafalikira. Chingerezi amamva patalipatali, ndiye muwodimo akafuna womasulira amaitana mwanayu. Madokotala anali atauza ana awo kuti zochiza zatha, chatsala n'kuchepetsa ululu. Mwana wawo woyamba anamukokera pakhonde n'kumuuza kuti, "Achemwali, inu ndinu akwathu, mwambo mukuudziwa. Adadi asamve, angataye mtima." Tsono cha m'ma 2 koloko usiku, akuwatembenuza kuti asachite zilonda, bambo aja anamugwira dzanja. "Mwanangu, anthuwa akungondizungulira. Tandiuza iwe, nditulukamo muno ndi miyendo yanga?" Iye anayankha kuti, "Muchira, bambo."

Ana a bambowo sindikuwada. Kwathu imfa sititchula munthu akadapuma, woitchula amaoneka ngati akuifulumizitsa. Inenso mayi anga akudwala ndinkawauza kuti mawa adzuka bwino, ndikudziwa kuti sadzuka. Koma limene lija linali bodza langa, ndipo ndimalisenza ndekha mpaka lero. Chimene chikundiwawa n'choti bodza la banja tikulitula pamutu pa mwana wa eni, poti wavala yunifolomu ndipo amalankhula chinenero chathu.

Taganizani mmene zimamukhalira. Lamulo la kuno, National Health Act la 2003, gawo 6, limati wodwala auzidwe mmene matenda ake alili, m'chinenero chimene amamva, pokhapokha pali umboni wokwanira woti kumuuza kumupweteka. Mantha a achibale paokha si umboni. Komanso wophunzira si amene amaulula za matenda, imeneyo ndi ntchito ya dokotala, wophunzirayo amagwira pansi pa sisitala. Ndiye kunena sangathe, kunama n'kulakwa, ndipo amene wodwala amamufunsa ndi iyeyo, chifukwa ndi amene amamusambitsa, kumumwetsa phala ndi kumusinthira zofunda dokotala atapita kale.

Ife a ku Joni nkhaniyi ikutikhudza kuposa onse. Basi yochokera ku Park Station kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukafika pa Mwanza imayenda pafupifupi masiku awiri. Munthu akauzidwa mphamvu zikadalipo amatha kunena yekha kuti ndiperekezeni kumudzi. Amakaona zidzukulu, amasiya mawu a munda ndi nyumba, amakhululukirana ndi amene anayambana nawo. Ife timabisa, timabisa, kenako timadzadzana pa WhatsApp kusonkherana ndalama zotumizira maliro. Ulendo womwewo, koma munthu ali m'bokosi. Ndani amene tamuchitira chifundo pamenepa?

Palinso za morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Achibale ena akaona sisitala akupereka amanong'onezana kuti ndi jekeseni womalizitsa, ndipo wophunzira amene waima pambali amapita kunyumba akudzifunsa ngati wathandiza kupha munthu. Ayi ndithu. Morphine woperekedwa pamlingo wake amachotsa ululu, ndipo kufupikitsa moyo wa wodwala n'koletsedwa m'dziko muno. Chisamaliro chotere si chachilendo ayi, ngakhale ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane, kumene amasamalira odwala otere ndi mabanja awo.

Aphunzitsi a anamwino nawonso ndikuwapempha. Mwana akaona imfa koyamba muwodi, musamangomuonetsa kakonzedwe ka thupi ndi kalembedwe ka mufayilo. Khalani naye pansi, mumufunse mmene wagonera. Mumuphunzitse mawu oti anene akafunsidwa funso ngati lija, monga akuti, "Bambo, funso lanu ndi lalikulu, ndikaitane adokotala tikambirane pamodzi, ine ndikhala pomwepa."

Usiku wotsatira mwana wa achemwali anga uja analimba mtima n'kukawafotokozera sisitala. Kutacha adokotala anakhala pansi ndi bambo aja pamodzi ndi ana awo, iye akumasulira. Anayamba ndi kuwafunsa ngati akufuna kumva zonse. Bambo aja anati anadziwa kalekale, ankangosunga mitima ya ana. Anafunsa za basi, koma adokotala anati thupi silingapirirenso ulendo wotero, ukanatheka mwezi wathawo. Ndiye anapempha foni, n'kuimbira mlongo wawo ku Ntcheu. Analankhula mpaka mayunitsi kutha, mwana wawo woyamba uja n'kuthamangira pansi kukagula ena.