Usiku wobwezera, ndani amapita kukayankhula nawo?

Nkhani ya achinyamata kubayana mipeni kapena kuwomberana ikangotuluka, ndemanga zimakhala zomwezomwezo: apolisi achuluke, zilango zikhwime. Wolakwa alangidwe ndithu, sindikukana. Koma apolisi amafika magazi atakhetsedwa kale. Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi maola otsatirawo. Mnyamata wagonekedwa m'chipatala, anzake asonkhana panja, mitima ikuwira, wina watchula kale dzina la amene wachita zimenezi. Maliro achiwiri amakonzedwa pamenepo. Ndiye funso langa n'lakuti, usiku umenewo ndani angawafikire anyamatawa n'kumumvera?

Dokotala Gary Slutkin analimbanapo ndi chifuwa chachikulu ndi kolera ku Somalia, kenako Edzi ku Uganda. Atabwerera kwawo ku Chicago, ku America, anaona kuti chiwawa chimapatsirana ngati mliri: wovulazidwa lero ndiye wovulaza mawa. M'chaka cha 2000, ku dera la West Garfield Park, anayambitsa ntchito yotchedwa CeaseFire, imene lero ikudziwika kuti Cure Violence. Anthu amene anawalemba ntchito anali a m'dera lomwelo, ambiri oti anakhalapo m'magulu achiwembu, ena anagonapo kundende. Munthu akawomberedwa, iwo amathamangira kuchipatala, kunyumba kwa abale ake, ngakhale pamaliro, kukaziziritsa mitima zokabwezera zisanapse.

Ndikudziwa ena anyansidwa kale. Munthu wotuluka kundende n'kumupatsa ana athu? Eya, yemweyo. Mnyamata wa zaka 17 amene wanyamula mpeni sakuopa ndende, ndipo ulaliki wa munthu wa tayi umangomudutsa. Koma munthu amene anakulira mumsewu womwewo, amene ali ndi zipsera, amene amawadziwa mayi ake, akamuuza kuti "bweretsa mpeniwo, ugone kaye," amaima. Komanso amapeza pothawira manyazi, chifukwa ambiri amabwezera poopa kuti anzawo awatcha amantha. Akanena kuti "akuluakulu andiletsa," ulemu wake sunagwe.

Ku Boston, mzinda wina wa ku America, zinayambira m'tchalitchi. Mu 1992, mwambo wa maliro uli mkati pa Morning Star Baptist Church, anyamata anathamangitsa mnyamata wina mpaka m'tchalitchimo n'kumubaya anthu akuona. Abusa monga Eugene Rivers, Ray Hammond ndi Jeffrey Brown anasiya kudikira achinyamata kuguwa, anayamba kuyenda m'misewu usiku. Pamene ntchito ina yothetsa chiwawa yotchedwa Operation Ceasefire inkayamba mu 1996, apolisi, abusa ndi anthu a m'madera ankakhala pamodzi ndi anyamata a m'magulu achiwembu maso ndi maso, kuwachenjeza komanso kuwalonjeza thandizo. Kuphedwa kwa achinyamata kunatsika ndi 63 peresenti. Ntchitoyo italekeredwa, imfa zinakweranso. Mfundo imeneyi anthu amakonda kuilumpha.

Ku Scotland nako, m'chaka cha 2004 mpaka 2005 anthu 137 anaphedwa, ndipo mzinda wa Glasgow unatchuka ndi mipeni. Nthambi yochepetsa chiwawa imene inakhazikitsidwa mu 2005 inaitana madokotala, aphunzitsi ndi amayi oferedwa ana kuti ayankhule ndi anyamata a m'magulu achiwembu. Patatha zaka khumi chiwerengerocho chinali chitatsika ndi theka.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pochita timafuna kuti ntchito yolemetsayi igwiridwe mongodzipereka. Apa ndiye pamandipweteka. Munthu amene amadzuka pakati pa usiku kukaima pakati pa magulu awiri okwiya, moyo wake uli pachiswe, nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Timam'yamikira pa Facebook, ndalama zikatha timamuiwala, ndipo chikhulupiriro chimene wachimanga kwa zaka zitatu chimagwa mwezi umodzi. Alipidwe malipiro okhazikika, aphunzitsidwe, ndipo apolisi asamusandutse kazitape, chifukwa tsiku limene anyamata adzamve kuti amakaulula, palibe adzamutsegulirenso chitseko.