GPS ndi yabwino, koma mapu a papepala asachoke mu ndege

Abale anga, ife a ku Dedza kuno ndege timangoziona zikudutsa m'mwamba, koma nkhani ya momwe payiloti wa kandege kakang'ono amadziwira njira yake ndi yathu ndithu, chifukwa mapiri amene angawombe akasokera ndi athu omwewa. Maganizo anga ndi awa: GPS, njira yodziwira pomwe uli kudzera pa ma setilaiti, aigwiritse ntchito mmene angathere, koma asanyamuke pabwalo opanda mapu a papepala omwe wawajambula yekha ndi pensulo.

GPS ine sindidana nayo ngakhale pang'ono. Ma setilaiti a dziko la America oposa 24 amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, kachipangizo ka mu ndege kakangomva anayi basi kawerengetsa kale pomwe uli komanso kutalika komwe uli, ndipo sikafuna bandulo kapena netiweki ngati mmene ambiri amaganizira. Mpaka mu May 2000 aku America ankaisokoneza dala kuti kwa anthu wamba iziphonya ndi mamita ngati 100, atasiya zimenezo inayamba kulondola mpaka pa mamita ochepa chabe. Pano kulinso zina zofanana ndi GPS monga GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China. Taganizani mwezi wa October anthu atatentha tchire paliponse, utsi uli tolo moti phiri la Chongoni sulionanso bwinobwino uli pa msewu, ndiye munthu ali m'mwamba akuyesa kuzindikira kuti kamtsinje ako ndi Linthipe kapena ndi kena. Pamenepo GPS ndi chipulumutso, palibe zokambirana.

Koma pali chinthu chomwe ndinaona kwa mwana wa achemwali anga yemwe akuphunzira zoyendetsa ndege ku South Africa. Atabwera ku holide anatambasula mapu ake pamphasa, chipepala chachikulu chothetheka m'mopinda chifukwa chogwiragwira, sikelo yake 1:500,000 kutanthauza kuti sentimita imodzi ndi makilomita 5. Panali mzere wa pensulo wojambula ndi rula kuchoka pabwalo lina kukafika lina, ndipo pa mzerewo anadulapo timizere tosonyeza pomwe ayenera kukhala atafika pakatha mphindi 10 zilizonse, apa alemba kuti mlatho, apo njanji, apo damu. M'mphepete analemba kolowera pa kampasi atawerengera mphepo yomwe imakankhira ndege chammbali, mafuta omwe atsale, ndi mabwalo ena oti nkuterapo zikavuta. Anandionetsanso manambala omwe amalembedwa mu bokosi lililonse la mapuwo osonyeza chinthu chachitali kwambiri m'dera limenelo. Anati, "Amalume, ntchito imeneyi imanditengera ola lathunthu pomwe pa tabuleti ndimangodina kawiri." Iye ankadandaula, koma ine ndinaona kuti ola limenelo ndiye phindu lonse, chifukwa pomwe akumaliza kujambula njira yonse yalowa kale m'mutu, akudziwa kuti phiri lili kudzanja liti ndipo akatembenuka athawira kuti.

GPS imakuuza pomwe uli panopa ndipo imakupatsa mzere wowongoka kuti uziutsata. Vuto ndi lakuti mzere wowongoka suganiza. Mwachitsanzo kuchoka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kupita ku Chileka, mzere wowongoka umadula m'dziko la Mozambique cha ku Angonia, tonse tikudziwa kuti msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu ukuyenda m'malire enieni moti pa Lizulu ukangowoloka msewu uli kunja kwa dziko. Komanso chakum'mawa kwake kuli phiri la Dedza lotalika mamita 2,198, omwe ndi mafiti 7,200 m'chiwerengero cha oyendetsa ndege, ndipo tauni yathuyi payokha ili kale pamtunda wa mamita ngati 1,600. Inde makina amakono amaonetsa malire ndi mapiri pa sikirini, ena amachenjeza ndi utoto wofiira, koma chenjezo likubwera uli kale pompo, ndipo kandege ngati Cessna 172 kamathamanga makilomita ngati 200 pa ola, mphindi imodzi kadutsa makilomita atatu. Nthawi yoyamba kuganiza ili kuti?

Ndiye pali zoti makinawo amazima. Tabuleti ikakhalitsa padzuwa pafupi ndi galasi imatentha nkudzithimitsa yokha, batire imatha, chingwe chatchaja chimatha kusokonekera. Chinanso nchakuti mauthenga a setilaiti amafika pansi ali ofooka kwambiri kotero kuwatsekereza nkosavuta, ndipo ena amatha kutumiza abodza kuti makina azionetsa malo olakwika. Mu 2024 kampani ya ndege ya Finnair inaimitsa kwa mwezi wathunthu maulendo ake opita ku Tartu m'dziko la Estonia chifukwa GPS inkasokonezedwa m'dera limenelo. Imeneyo ndi kampani yayikulu ya ndege zokhala ndi zida zambiri, nanga kandege ka anthu anayi kodalira tabuleti imodzi? Musaiwalenso kuti ma setilaiti onsewa ndi a eni, ife a Malawi tilibepo ulamuliro uliwonse.

Nkhani iyi imandiwawa kwambiri ndikakumbuka 10 June 2024. Ndege ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu 9 anatisiya kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima omwe akugona kwa Nsipe ku Ntcheu konkuno. Akatswiri a ku Germany omwe anafufuza ngoziyi anapeza njira yomwe ndegeyo inayenda kuchokera mu GPS yomwe inali momwemo, ndipo lipoti lawo linati ndegeyo inkayenda motsika nyengo isali bwino, inalowa m'malo osaoneka nkuwomba mtunda. Sindikunena kuti pepala likanawapulumutsa, ayi, ndipo sindikuloza chala anthu omwe anapita. Ndikungonena kuti GPS inalimo koma nkhungu siinachoke. Nkhungu imeneyo ife timaidziwa bwino, June ndi July chiperoni chikagwira ku Bembeke galimoto zimayatsa nyali masanasana ndipo phiri lonse limabisika kuyambira pakati kupita m'mwamba. Mantha anga ndi akuti mzere wowala pa sikirini umampatsa munthu mtima woti tiyeni tingopitirira poti njira ndikuiona, pomwe kunja kwa galasi sakuona kanthu.

Ena anena kuti mapu a papepala amakalamba, nsanja zatsopano za foni sizionekamo, komanso kutambasula chipepala mu kandege kopanikiza kumachotsa maso panja. Zoona zimenezo, ndipo ukalowa mu mtambo pepala silikuthandizanso. Nchifukwa chake ndikuti ziwirizi ziziyendera limodzi, mapu akhale atsopano ndipo apindidwe bwino usananyamuke kuti gawo lofunika likhale pamwamba pa bondo.

Dziko lathuli ndi losavuta kuwerenga uli m'mwamba kwa munthu yemwe waphunzitsidwa. Kum'mawa kuli nyanja yoti sungaisokoneze ndi china chilichonse, kunsi kwa chitunda cha Golomoti kukudutsa njanji yochoka ku Balaka kupita ku Salima, kumtunda kuli M1, phiri la Nkhoma lili poyera. Pempho langa kwa ophunzitsa ana athu kuyendetsa ndege, kaya ndi kuno kaya ndi kunja, ndi lakuti tsiku lina ali m'mwamba muziphimba sikirini mwadzidzidzi osawachenjeza, nkufunsa kuti tili pati, tatsala ndi mafuta a mphindi zingati, ndipo kutsogoloku kukatsekeka tikatera bwalo liti. Yemwe walephera kuyankha ndi mapu, wotchi ndi kampasi asapatsidwe kaye chilolezo chonyamula anthu.